Ojambula pakhoma aja a ku Chilobwe ndawapatsa 4 pa 5

Holide yapitayi mwana wa achemwali anga amene ndimakhala naye, wa fomu 2, analowa nawo kagulu kena kojambula zithunzi m'makoma kuno ku Chilobwe, ndiye makolo angapo akhala akundifunsa kuti zinayenda bwanji asanatumize awo. Poyamba ine ndinkangoona ngati ndi zothetsa malaya ndi penti basi.

Koma chomwe chinandigwira mtima nchoti masiku awiri oyamba anawo sanagwire bulashi olo pang'ono. Akuluakulu a kaguluko anawatenga wapansi kukwera mbali ya phiri la Soche kukaona momwe munadutsa matope ndi miyala nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, ambirife kuno tinaika maliro a abale ndi aneba sabata imeneyo ndiye si nkhani yongomva pawailesi ayi. Anawaonetsa zitsa nkuwafunsa kuti mitengo ikatha dothi ligwiridwa ndi chani, potsika analowa mu ngalande kutola majumbo opyapyala aja boma linaletsa mu 2015 koma mpaka lero tikuguliramobe tomato. Kenako aliyense pepala lake, ajambule zomwe waona ndi maso ake, zokopera pafoni anakana.

Zojambula za anawo ndi zomwe anaziphatikiza nkuziika pakhoma la mpanda wina kufupi ndi msika. Anayamba apala khomalo, kupaka yoyera, nkulemba timabokosi ndi choko kuti chithunzi cha papepala chikule osapindika. Kumanzere phiri lili lofiira lopanda mtengo, madzi akutsika ndi malata a nyumba, kumanja phiri lomwelo lili ndi mibawa ndi nsungwi. Wathuyu anampatsa kachigawo ka m'munsi, anajambula mayi akuphika pa chitetezo mbaula ndi tinkhuni titatu tokha, chitenje nkuchiika timaluwa tofiira ngati chija amavala agogo ake popita ku tchalitchi. Agogowo titapita nawo kukaona anangoima chilili dzanja lili pakamwa.

Ogulitsa makala a pafupi pomwepo anadandaula kuti akufuna kuwayalutsa, ojambulawo anakhala nawo pansi ndipo pakhomapo sanajambulepo munthu wamakala ngati chigawenga. Apa ndinawayamikira kwambiri chifukwa makalawo timagula ndife tomwe magetsi akathima.

Tsono pomwe ndachotsera malikisi ndi apa. Tsiku lina ndinawapeza akutsuka mabulashi a penti yamafuta ndi palafini nkukhuthulira zotsukirazo mu ngalande yomwe ija anatolamo majumbo, ana akuona. Zinandiwawa zedi, ndinawauza pomwepo, anapepesa ndipo mawa lake anabwera ndi chigubu chosungiramo, koma anthu ophunzitsa za chilengedwe samayenera kudikira kuuzidwa ndi ine. Magolovesi nawo anali osakwana, mwana anakhala masiku atatu zala zili zobiriwira, komanso akati 8 koloko ankayamba cha m'ma 10 ana ali padzuwa.

Ndalama sanatilipiritse, tinangosonkherana ya chakudya cha masana. Holide ikubwerayi ndimutumizanso, inunso tumizani wanu koma mumuveke malaya akale ndipo atenge madzi akumwa. Pomaliza wathuyu anampatsa mbande ziwiri za m'bawa, akuzithirira kuseri kwa bafa mmawa uliwonse kudikira mvula ya mu Disembala.