Chimanga chikapsa m'mbali mwa masamba: maso, foni, labotale kapena mizere yoyesera?

Masamba a chimanga akayamba chikasu, ambiri timathamangira Urea. Koma Urea ndi nayitirojeni yekhayekha, 46 pa 100 iliyonse, ndipo ngati chomwe chasowa ndi potaziyamu, thumba lonselo silichiza kanthu. Ndiye tisanagule feteleza, tingatsimikize bwanji? Njira zilipo zinayi, koma sizilingana mphamvu.

Maso ndiwo njira yaulere, ndipo amagwira ntchito ngati mukudziwa poyang'ana. Weramani muone masamba am'munsi, akuluakuluwo, chifukwa potaziyamu akachepa mbewu imamusamutsa kuchoka ku masamba akale kupita ku masamba anthete. Chikasu chimayambira kunsonga n'kutsetsereka m'mbali zonse ziwiri za tsamba, kenako m'mbalimo mumauma ngati mwawauka ndi moto, pamene pakati potsata mtsempha pakadali pobiriwira. Nayitirojeni akasowa, masamba am'munsi omwewo ndiwo amadwala, koma chikasu chake chimalowa pakati penipeni, kutsata mtsempha mooneka ngati chilembo cha V, m'mbali n'kutsala mobiriwira. Kusiyana kumeneku kokha kungakupulumutsireni ndalama. Zina sizivuta: fosiforasi akachepa masamba a mbewu yaing'ono amaderako mofiirira, salifa ndi zinki zimaonekera pa masamba akumwamba, ndipo ng'amba imapinda masamba dzuwa likaswa mtengo.

Vuto la maso ndi lakuti amachedwa. Zizindikiro zimaonekera chimanga chitafika m'mawondo, nthawi imene chikukoka chakudya mwamphamvu, ndipo pofika pamenepo zokolola zina zapita kale. Pokolola umboni umachuluka: mapesi ofooka ogwa ndi kamphepo, zitsononkho zosadzaza kunsonga, njere zopepuka. Komabe chiswe ndi kapuchi nazo zimagwetsa chimanga, choncho thyolani phesi muone m'kati musanagamule.

Mapulogalamu a pa foni monga Plantix, amene mumajambula tsamba iwo n'kukuuzani vuto, ine ndimawaona ngati maso omwewo, kungoti obwereka. Foni imaona tsamba lomwe mwaionetsa basi. Siidziwa ngati lachokera m'munsi kapena kumwamba, kapena kuti mvula inadula liti. Ndi yothandiza posiyanitsa njala ya mbewu ndi matenda a masamba, makamaka komwe mlangizi ali kutali.

Kuyezetsa dothi kuli ndi ubwino umene maso alibe: kumakuuzani musanadzale. Mumatapa dothi m'malo angapo a munda mokhotakhota, kuya masentimita 20, n'kusakaniza, kenako kutumiza ku malo a kafukufuku monga Chitedze ku Lilongwe, Bvumbwe ku Thyolo kapena Lunyangwa ku Mzuzu. Pamafunika ndalama ndi kuleza mtima, motero n'kwabwino kuchitira pamodzi pa kalabu, nthawi yachilimwe. Koma nayo labotale ili ndi pofooka pake. Zotsatira zingathe kunena kuti potaziyamu alimo wokwanira, chimanga n'kumaonetsabe njala, chifukwa mizu yakanika kuboola nthaka yolimba ya pansi pa mizere, ija imabwera polima ndi khasu pa mlingo umodzimodzi chaka ndi chaka, kapena chifukwa dothi lauma. Zikatero mankhwala ake ndi kuswa nthakayo, osati kugula thumba lina.

Njira imene ndimaikhulupirira kuposa zonse ndi mizere yoyesera, poti munda umayankha wokha. Sankhani mizere inayi kapena isanu pamalo pomwe panavuta chaka chatha. Ithireni feteleza wanu wa nthawi zonse, kuonjezerapo MOP (Muriate of Potash), feteleza wa potaziyamu amene ali ndi potashi 60 pa 100 iliyonse. Mizere yoyandikana nayo ilandire zonse kupatula MOP. Ngati mumadzala njere imodzi pa phando, masentimita 25 pa mizere yotalikirana masentimita 75, pafupifupi galamu imodzi pa phando ikufanana ndi thumba la makilogalamu 50 pa hekitala. Thirani podzala kapena mbewu zitangomera, chapatali pang'ono ndi mbewu kuti isapse. Pomwe MOP sapezeka, phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu ndithu, kungoti musalisakanize ndi Urea, limathawitsa nayitirojeni. Kuipa kwa njirayi n'kwakuti yankho lenileni mumalipeza pa sikelo, nyengo itatha, ndipo muyenera kukolola mizereyo payokha, zomwe ambiri amaiwala ntchito ikachuluka.

Kodi ndani ayenera kuda nkhawa kwenikweni? Minda yambiri kuno imavutika ndi nayitirojeni kuposa potaziyamu, n'chifukwa chake feteleza wokulitsa wa 23:21:0+4S, wopanda potashi ngakhale pang'ono, anagwiritsidwa ntchito zaka zambiri. Wokulitsa wa masiku ano, 23:10:5+6S+1.0Zn, alimo potashi, koma makilogalamu awiri ndi theka okha pa thumba. Amene ali pa dothi la mchenga, amene amachotsa mapesi onse m'munda (potaziyamu wambiri amene chimanga chakoka amatsalira m'mapesimo, osati m'njere), ndi amene adalimapo chinangwa kapena nthochi zaka zotsatizana, asadalire zochepazi. Iwowa ayambe ndi maso nyengo ino, aike chizindikiro pomwe paipa, ayezetse dothi la pamenepo mu Ogasiti kapena Seputembala, ndipo mvula ikagwa ayese mizere yawo asanagule MOP wa munda wonse.