Jakisoni wochititsa dzanzi mkono anandithandiza, koma usiku wake sindinagone

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5. Papita milungu 6 chindichitireni opaleshoni. Ndinagwa pa makwerero n'kuthyoka fupa la mkono wamanzere chakumtunda, pafupi ndi phewa, ndipo panafunika kuikapo chitsulo ndi masikuluu.

Opaleshoni ina yomwe ndinachitidwa kale anandigonetsa kotheratu, ndipo nditadzuka ndinasanza tsiku lonse. Nditawauza zimenezi adokotala ogonetsa odwala, anati tiyese jakisoni wa pakhosi wotchedwa interscalene block. Pafupifupi mitsempha yonse ya ubongo yopita kumkono imachokera m'khosi ili pamodzi, ndiye mankhwala akathiridwa pamenepo, phewa ndi mkono zimachita dzanzi. Kusala chakudya ndinasalabe, chifukwa jakisoniyu akapanda kugwira bwino amakugonetsa ndithu.

Ndinkaopa singano ya pakhosi kuposa mpeni. Koma anaika makina ounikira mkati mwa thupi otchedwa ultrasound pakhosipo, n'kumaona singano ikulowa ndi mankhwala ochititsa dzanzi a ropivacaine akuzungulira mitsempha. Kunangobaya pang'ono. Patadutsa mphindi ngati 20 mkono unalemera ngati si wanga. Anawonjezera mankhwala ochepa oodzeretsa, moti za opaleshoniyo ndimakumbukira zochepa. Ndinatsitsimuka mutu uli bwinobwino, opanda nseru, opanda ululu. Pa ichi chokha ndimawathokoza kwambiri.

Zina zomwe zinabwera anali atandichenjeza kale: mawu anasasa, chikope chakumanzere chinagwa pang'ono, komanso ndikagona chagada mpweya unkandiperewera. Mtsempha woyendetsa mnofu wopumira umadutsa pafupi pomwepo, ndiye nawonso umachita dzanzi mbali imodzi kwa maola angapo. Ngati muli ndi mphumu kapena matenda ena a m'mapapo, nenani asanakubayeni.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha usiku woyamba. Anamwino anandipatsa mapiritsi oletsa ululu madzulo, koma palibe anandiuza kuti ndiwamwe dzanzi lisanathe. Poti sindinkamva chilichonse, ndinawasiya pambali. Cha m'ma 2 koloko usiku zala zinayamba kunyerenyetsa, ndipo pasanathe ola ululu unabwera wonse nthawi imodzi, ngati fupalo lathyokanso. Ndinalira. Mapiritsi omwa mochedwa amatenga nthawi kuti agwire, ndipo ine ndinafika m'bandakucha ndili chikhalire. Kundiuza mawu awiri okha kukanandipulumutsa ku zonsezi, n'chifukwa chake zimandiwawabe mumtima.

Dzanzi linakhala maola pafupifupi 14. Nthawi yonseyo mkono uzikhala m'nsalu yokolekera m'khosi, kutali ndi chilichonse chotentha, chifukwa mutha kupsa kapena kuugonera osadziwa.

M'mawa adokotala anandiuza kuti ndikweze dzanja ndi kutambasula zala, pofuna kuona ngati mtsempha wozungulira fupalo sunavulale. Zala zonse zinatambasuka. Panopa ndili pa mafizo, ndipo sabata yathayi ndinakwanitsa kuvala malaya ndekha.