WhatsApp, WebWOZ kapena slurk: kuyesa chatbot musanaipange

Kwa inu amene mukufuna kupanga chatbot (pulogalamu ya kompyuta yocheza ndi anthu) yoyankha m'Chichewa mafunso a anthu otumiza katundu kumudzi kuchokera kuno ku Johannesburg, musathamangire kulemba pulogalamu. Yambani ndi njira ya Wizard of Oz: munthu amabisala n'kumayankha ngati kompyuta, wofunsayo osadziwa. Si zatsopano. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 a IBM anayesa motero makina olemba zimene munthu akulankhula, pomwe ankatayipa anali munthu m'chipinda china.

WhatsApp Business ndiye chapafupi. Mayi wa ku Rosettenville ali kale ndi WhatsApp pafoni, sataya data potsegula webusaiti yachilendo, ndipo mayankho okonzeratu amatuluka mukadina chizindikiro cha /. Koma imakuululani. Wofunsayo amaona kuti wina akulemba, ndipo bambo akangofunsa kuti "Kodi firiji ifika liti ku Mzimba?" woyankhayo mtima umamugwira, n'kuyamba "pepani bambo, musadandaule". Zikatero mwayesa ulemu wa mnzanuyo, osati makina.

N'chifukwa chake ine ndimakonda WebWOZ, pulogalamu ya pa intaneti yochitira Wizard of Oz, yomwe Stephan Schlögl anapanga ku Trinity College Dublin. Mayankho mumalemberatu, woyankha amangosankha limodzi n'kudina, ndipo zonse zimasungidwa. Funso likabwera lopanda yankho lake, monga la msonkho wa pa Mwanza, mwapeza pamene chatbot yanu idzakakamire, zomwe ndi zimene mumafuna kudziwa. Gulu lina lingatenge chidacho n'kungosintha mayankho. Vuto n'lakuti imafuna seva (kompyuta yoyendetsa pulogalamuyo pa intaneti) ndi munthu wodziwa kuikhazikitsa, komanso ndi yakalekale ndithu.

Slurk, ya gulu la David Schlangen ku Germany, ndi seva ya macheza yolumikiza anthu m'zipinda zochezera za pa intaneti n'kusunga zokambirana zawo. Imathandiza ngati cholinga ndi kusonkhanitsa macheza ambiri ophunzitsira kompyuta, koma mbali ya woyankha mudzaikonza nokha. Chida china, WoZ4U, ingochiiwalani, n'cha loboti yotchedwa Pepper.

Ngati muli awiri okha ndi laputopu imodzi, yambirani pa WhatsApp, koma woyankha alumbire kuti satuluka pa mayankho olembedwa. Mukatha auzeni anthuwo kuti ankacheza ndi munthu, ndipo manambala awo a foni muwasamale monga lamulo la POPIA, la kuno ku South Africa loteteza zinsinsi za anthu, likunenera, makamaka poti ena mwa abale athu safuna kuti za mapepala awo zimveke.