Kuyenda wapansi ndi gaidi kuona nyumba zakale mu Blantyre, nyenyezi 4

Ndapereka 4 osati 5, chifukwa chake ndinena kumunsiku. Koma ngati mumakhala mu Blantyre mommuno ndipo tchalitchi cha St Michael and All Angels mumangochionera pawindo la minibasi mukamadutsa pa HHI paja, tsikani tsiku lina mukalowe, ndalama yomwe tinapatsa gaidi ine ndinaiona kuti yagwira ntchito pa tchalitchi chokhachi basi.

Gaidi wake ndi mnyamata woti zinthu amazidziwa, amangosinthasintha Chichewa ndi Chingerezi poti pagulu lathu panalinso azungu. Tinayambira pa mishoni pomwepo, anatiuza kuti tauniyi inayambira pamenepa mu 1876 amishoni a Church of Scotland atafika m'dera la a Kapeni, dzina la Blantyre nkulitenga kwawo ku Scotland komwe anabadwira David Livingstone. Kenako tchalitchi chija. Abale njerwa zija eee! Anamanga kuyambira 1888 mpaka 1891 ndipo amene ankatsogolera ntchito, abusa a David Clement Scott, za zomangamanga sanaphunzireko, pulani yojambula papepala panalibenso, akuti ankayamba asanja kaye njerwa popanda matope nkuona ngati zikukhala bwino kenako ndiye nkumanga zenizeni. Njerwazo ankaumba ndi kuotcha konkuno, zamitundumitundu zina zokhota zina zamakona, chikombole chilichonse chosema ndi mtengo. Anatiimika chapatali kuti tione nsanja ziwiri zakumaso zija, sizofanana ndithu koma uli mumsewu sungadziwe. Ndipo si nyumba yongoonetsa alendo ayi, a CCAP amapempheramo mpaka lero, nde mukafuna kujambula mkati yambani mwapempha.

Kuchoka apo tinatsetsereka kudzera pa Clock Tower mpaka ku Mandala House, kamtunda ndithu, amene anavala nsapato zatchalitchi anadandaula. Nyumbayi ndi ya 1882, ya kampani ya African Lakes ija ankayendetsa a John Moir ndi m'bale wawo Frederick, ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yakale kwambiri yomwe idakaima m'Malawi muno. Yosanjikiza, khonde lalikulu, kamphepo kake kabwino zedi moti sindinkafuna kunyamuka. Pansi pali zojambula ndi khofi, m'mwamba muli laibulale ya Society of Malawi, mabuku ndi zithunzi zakale za Nyasaland zoti munthu utha kukhalapo tsiku lonse.

Tsopano nyenyezi imodzi ija inathawira apa. Maina a azungu gaidi amawatchula onse pamtima ngati akulakatula ndakatulo kusukulu, koma za anthu akuda omwe anaponda dothi, kuotcha uvuni ndi kukwera pamwamba paja kusanja njerwa anangoti "anthu a konkuno anathandiza", anathandiza?? ndi amene anamanga amenewo. Ku Mandala nakonso nkhani ya mu Januwale 1915 pomwe anyamata a John Chilembwe anabwera usiku kuchokera ku Mbombwe kudzathyola sitolo yosungira mfuti ndi zipolopolo anangoigunda pang'ono nkupitirira, mpaka mayi wina pagulupo anachita kumubweza kuti achimwene tafotokozani bwinobwino. Atafunsidwa anafotokoza bwino, kusonyeza kuti amadziwa koma anazolowera kukamba zomwe alendo akunja amakonda.

Mu Victoria Avenue tinangodutsa mothamanga, holo yakale ija ya 1903 yokumbukira Queen Victoria tinaionera panja, phokoso la magalimoto osamva nkomwe zomwe akunena. Koma pa anzake ogulitsa ziboliboli pokha nthawi inapezeka yambiri, mapeto ake ku Chichiri Museum komwe kunali pa pulogalamu yathu sitinafikeko, anangoti mudzapite panokha mukaone sitima ndi basi zakale zili panja paja. Ndalama ya gawo limenelo sanabweze, tinangomusiya.

Mukafuna kupita yambani m'mawa dzuwa lisanakwere, tengani madzi, Lamulungu ayi chifukwa kutchalitchi kumakhala mapemphero, ndipo mugwirizane naye musanalipire kuti ziboliboli zikhale kumapeto mukamaliza ku Chichiri.