Wi-Fi 5 kapena Wi-Fi 6: ndi iti imapirira anthu akachuluka?

Pogula rauta ambiri timathamangira liwiro lolembedwa pa katoni. Koma mu hositelo, mu ofesi kapena paliponse pamene pamadzaza anthu, chimene chimapha netiweki kawirikawiri ndi kulimbirana mpata. Tchanelo, njira ya mafunde imene mauthenga amadutsamo, ndi imodzi, mafoni ndi ambiri, ndipo awiri akatumiza nthawi imodzi mauthenga onse amawonongeka.

Vutoli ndi lakale. Mu 1971 gulu la Norman Abramson ku yunivesite ya Hawaii linayatsa ALOHAnet, netiweki ya makompyuta yolumikizana pa wailesi, momwe makina aliwonse ankangotumiza pamene afunira, zikawombana n'kudikira pang'ono n'kubwereza. Masamu anasonyeza kuti njira yotere imapindula ndi 18 peresenti yokha ya mphamvu ya tchanelo. Nthawi itagawidwa m'tizigawo tofanana, zinangokwera kufika 37 peresenti.

Wi-Fi 5, ya mu 2013, ndi mdzukulu wa njira imeneyo, ngakhale ili ndi ulemu wochulukirapo. Imatsatira CSMA/CA: foni imayamba yamvetsera, ikamva kuti kuli zii imadikirabe kanthawi kosankhidwa mwachisawawa, kenako n'kutumiza. M'nyumba ya anthu atatu izi zimayenda bwino zedi. Mukafika 30, zimakhala ngati msonkhano wopanda wapampando, nthawi imathera kudikirirana ndi kudulana mawu. Chimene chimandiwawa kwambiri n'chakuti kauthenga ka mawu awiri pa WhatsApp nako kamalanda tchanelo yonse, ndipo kudikira kwake kumatalika kuposa kutumiza kwenikweniko.

Wi-Fi 6, imene zipangizo zake zinayamba kuvomerezedwa mu 2019, inatengera OFDMA, njira imene 4G imagwiritsa ntchito potumiza data kuchoka pa tawala kupita ku foni. Apa rauta ndi imene imagawa malo. Tchanelo ya 20 MHz ingadulidwe tizigawo mpaka 9, foni iliyonse n'kuuzidwa pake, zonse n'kutumiza nthawi imodzi popanda kuwombana. Wi-Fi 6 imagwiranso pa 2.4 GHz, mafunde amene amadutsa bwino zipupa, pamene zatsopano za Wi-Fi 5 zili pa 5 GHz pokha. Ilinso ndi Target Wake Time, pangano la nthawi yoti foni idzuke kulandira uthenga, kuti batire lisathe msanga.

Komabe musaikhulupirire mopitirira. Rauta ya Wi-Fi 6 imayambabe yamvetsera isanatumize, choncho imalimbanabe ndi marauta a anansi. Foni yakale ikalumikizidwa, imalankhula mwa kale lomwe ndipo imadya nthawi ya anzake. Ndipo ngati intaneti yanu imalowa kudzera pa simukhadi pamalo pamene 4G ndi yofooka, rauta yodula sisintha kanthu, chifukwa potsekeka pali kunja kwa nyumba.

Ine pa nyumba ya banja ndingasiye Wi-Fi 5 momwemo, n'kuiika pakati pa nyumba, pamwamba, ndalama yotsalayo igule bandulo. Pa malo a anthu ambiri otumizirana timauthenga tating'onoting'ono, Wi-Fi 6 ndi yoyenera mtengo wake, bola muyambe mwafufuza ngati mafoni ambiri a anthuwo amaidziwa. Ngati ambiri akadali pa 2.4 GHz, yambani ndi chaulere: sankhani tchanelo 1, 6 kapena 11, chifukwa izi sizilowerana, ndipo mutenge imene anansi sakuigwiritsa ntchito.