Ku Gettysburg, lipirani wokuperekezani

Kulowa m'malo amene kunachitikira nkhondo ku Gettysburg, m'chigawo cha Pennsylvania ku America, n'kwaulere. Nkhondoyi inali mbali ya nkhondo yapachiweniweni ya dzikolo, pakati pa zigawo za Kumpoto ndi za Kummwera. Komabe ine ndikuti lipirani mmodzi wa anthu ovomerezeka operekeza alendo. Amakwera m'galimoto yanu n'kumayendetsa yekha kwa maola awiri. Popanda iye mudzangoona minda, mizinga ndi zipilala zoposa 1,300 osatolapo kanthu.

Wathu anali bambo wachikulire, wolankhula modekha. Pa kaphiri ka Little Round Top anationetsa chifukwa chimene asilikali anakalimbirana pa 2 Julayi 1863: ukaima pamwamba, chigwa chonse chili poyera. Pamene mtima unandiwawa kwambiri ndi pamunda wa Pickett's Charge. Pamenepa, pa 3 Julayi 1863, asilikali a Kummwera pafupifupi 12,500 anayenda mtunda woposa kilomita imodzi popanda pobisala, mizinga ikuwalavulira moto, ndipo pafupifupi theka anaphedwa, kuvulala kapena kugwidwa. Bamboyo anatitsitsa m'galimoto kuti tione tokha kutalika kwake. Ana, amene ankangosewera ndi foni, anaziika m'thumba.

Kumyuziyamu amalipiritsa, koma chithunzi chachikulu chozungulira cha Cyclorama, chosonyeza nkhondoyo, chojambulidwa ndi Paul Philippoteaux, n'choyenera ndalamazo. Kumanda kumene Abraham Lincoln, pulezidenti wa America panthawiyo, analankhula pa 19 Novembala 1863 mukhoza kupita nokha.

Maulendo a usiku osaka mizukwa amene amatsatsa m'tauni ine sindinawakonde, malo ofera anthu si ochitirapo nthabwala.

M'chilimwe sungitsani malo pasadakhale, ndipo valani nsapato zotseka chifukwa mu udzu muli nkhupakupa.