Garaja ya ku Booysens yochotsa mpweya m'mabuleki a Hilux yakale

Ndalemba izi chifukwa cha anzanga a kuno ku Joni amene muli ndi ma Hilux ndi ma Land Cruiser akale onyamulira katundu kupita kumudzi. Yanga ndi Hilux 4x4 ya dizilo. Chopondera buleki chinafewa, moti ndinkachita kupopa kawiri kuti galimoto iime, makamaka ndikasenzetsa katundu. Garaja ina inali itandichotsera kale mpweya m'mabuleki a matayala onse anayi, ndalama n'kulipira, koma vuto silinathe.

Mnzanga wa ku Rosettenville ndi amene anandilozera kagaraja kena ku Booysens, kamakaniko wachikulire wa kwathu komwe. Nditangofotokoza, madalawo sanakhudze n'komwe matayala. Anagona pansi pa galimoto n'kundiitana: "Achimwene, tabwerani muone ichi." Pafupi ndi akiselo yakumbuyo pali valavu yotchedwa LSPV, yomwe imawonjezera mphamvu ya mabuleki akumbuyo galimoto ikalemedwa. Valavuyo ili ndi kabawuti kakekake kotulutsira mpweya, ndipo kanali katakutidwa ndi matope ndi dzimbiri. Palibe sipanala imene inakakhudzapo kwa zaka. Mpweya unkabisala mmenemo.

Chimene chinandigwira mtima ndi kusamala kwawo. Anathira mankhwala ofewetsa dzimbiri n'kudikira, osakakamiza, poti kabawuti kotere kakathyokera mkati ndiye kuti nkhani yakula. Kenako anaika kathabwa pansi pa chopondera. Anandiuza kuti pa galimoto yakale ukaponda mpaka pansi penipeni, timalabala ta mu master cylinder, kapampu kamene kamakankha mafuta a mabuleki ukaponda, timakafika pamalo adzimbiri pomwe sitifikapo masiku onse, n'kung'ambika. Mnyamata wawo ankapopa, iwo akutsegula ndi kutseka timabawuti totulutsira mpweya, kuyambira tayala lakutali ndi master cylinder, valavu ija pomalizira. Mu kapaipi koonekera mkati munkadutsa mafuta akuda ngati tiyi wopanda mkaka, thovu likutsatana, mpaka anayamba kutuluka oyera. Nthawi yonseyi ankayang'anira kabotolo ka mafuta kuti kasaphwe.

Anathiramo mafuta a mabuleki a mtundu wa DOT 4 a m'botolo losatsegula, ine ndikuona. Mafuta a mabuleki amayamwa chinyezi. DOT 4 watsopano sawira mpaka pa madigiri 230, koma akamwa madzi amatha kuwira pa 155 basi, ndipo ukamatsika mtunda wautali utasenza, mafuta owirawo amasanduka nthunzi, chopondera n'kumira. Aliyense amene anadutsapo msewu wa ku Tete kukwera ku Zobue ndi Mwanza akudziwa chifukwa chake sindichita nazo masewera. Madalawo anati ndizisintha mafutawa pakatha zaka ziwiri zilizonse, komanso ndisadzayerekeze kusakaniza ndi a mtundu wina otchedwa DOT 5.

Zodandaulitsa zilipo. Foni sayankha msanga, pokhala palibe, ndipo Loweruka pamadzaza, choncho pitani m'mamawa mkati mwa sabata. Mtengo ndi wokwererapo poyerekeza ndi anyamata a m'mbali mwa msewu, koma ine sindinaone kuti andidyera.

Galimotoyo tinakaiyesa limodzi pa msewu waukulu wa M1 kuno ku Joni, ndipo tsopano buleki ikugwira ndikangoponda kamodzi. Anandichenjezanso kuti mapaipi a labala akutsogolo ayamba kuchita ming'alu, ndipo ndawauza kale kuti ndibwera nawo atsopano ndisananyamuke ulendo wa Disembala.